MISASA YA OTHAWA PAFUPI NDI MALO OYERA



Mthenga Wabwino wa lero, Lamulungu la Banja Loyera, watikumbutsa za Yosefe amene anadzutsidwa usiku, natenga Mwana ndi Amai ake kuthawira nawo ku Ejipito chifukwa cha ukali wa Herode. Ife a kuno kuchigwa sitisowa wotimasulira ulendo wotere, pakuti tinauona ndi maso athu. Koma tisanakambe za kwathu, tiyambe taona m'mene uliri masiku ano mzinda umene Banja Loyera linachokera.

Ku Betelehemu kuli tchalitchi lakalekale lomangidwa pamwamba pa phanga limene Ambuye anabadwira. Loyamba linamangidwa m'masiku a mfumu Constantine ndi mai wake Helena Woyera, zaka zoposa 1,600 zapitazo. Khomo lake nlalifupi, kotero kuti aliyense, kaya ndi episkopi kaya ndi mfumu, amalowa chowerama. Pansi m'phangamo muli nyenyezi yasiliva imene amwendamnjira amagwadira ndi kuimpsompsona.

Tsono mtunda wa makilomita awiri okha kuchokera pa khomo limeneli pali msasa wa othawa nkhondo wotchedwa Aida. Unakhazikitsidwa m'chaka cha 1950 kuti musungidwe ena mwa anthu a ku Palestine, oposa 700,000, amene anachoka m'midzi yawo pa nkhondo ya 1948. Analowa m'mahema poyesa kuti abwerera posachedwa. Mahema aja anasanduka nyumba zothinana, ndipo ana obadwira momwemo ali ndi adzukulu tsopano. Pamwamba pa chipata cha msasawo anaikapo kiyi wamkulu wachitsulo, chifukwa mabanja ambiri anasunga makiyi a nyumba zimene makolo awo anatseka pothawa. Pambali pake pali chipupa chachitali chimene boma la Israel linamanga, ndipo kuseri kwa chipupacho kuli manda a Rakele, mai yemwe uja Mateyo Woyera amamutchula polemba za ana osalakwa amene Herode anapha. Alendo ambiri amatsika basi pa tchalitchi, napemphera, nagula makolona, nabwerera kwawo osadziwa kuti msasa ulipo. Papa Benedict XVI sanatero. Mu May 2009 analowa mu Aida, ngakhale ambiri okhalamo ndi Asilamu.

Tibwerere kwathu kuno. Nafenso tiri ndi malo amene makolo athu anawalemekeza kuyambira kale, ndiyo nkhalango ya Khulubvi kufupi ndi boma la Nsanje, kumene kuli kachisi wa Mbona. Wolowa kumeneko amavula nsapato, ndipo nkhwangwa siikhudza mtengo wa m'nkhalangomo. Musadabwe, akatekisi, kumva wansembe akutchula Mbona pa wailesi. Sitikusakaniza zipembedzo ai. Mpulumutsi wathu ndi mmodzi yekha. Bambo Matthew Schoffeleers, wa chipani cha Montfort, amene anatumikira kuno kuchigwa, anakhala pansi zaka zambiri kumvera akuluakulu akufotokoza mbiriyi. Chimene tifuna kuti muone nchakuti m'mbirimo Mbona ndi munthu wothawa. Abale ake omwe anamchitira nsanje chifukwa cha mphatso yake yoitana mvula, iye nathawira kumwera, namlondola mpaka kumupha, ndipo mutu wake unaikidwa ku Khulubvi. Ndiye kuti malo olemekezeka koposa a Amang'anja ndi manda a munthu amene analibe pobisala.

M'boma lomweli la Nsanje, kuyambira 1986, munadzaza abale athu a ku Mozambique othawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Achikulire mukukumbukira misasa ya Mankhokwe ndi Nyamithuthu. Inafika nthawi imene alendo anachuluka kuposa eni boma, ndipo m'Malawi monse anapitirira 1,000,000. Ambiri anali Asena anzathu, a chinenero chimodzi ndi mfunda umodzi, olekanitsidwa nafe ndi mtsinje chabe. Anyakwawa anawagawira malo, ndipo mitengo yathu yambiri inathera m'mafuwa mwawo. Papa Yohane Paulo II atabwera m'dziko muno mu May 1989 anayamika Amalawi chifukwa cha mtima umenewu. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, anthu nayamba kubwerera, ife nkumayesa kuti zatha. Koma mu December 2024, m'masiku a Khrisimasi enieni, zipolowe zotsatira chisankho cha ku Mozambique zinaolotsanso Shire anthu zikwi zingapo m'miadiya, ndipo ku Nyamithuthu kunaimanso mahema.

Pano mpamene pali mlandu wathu, abale. Kulemekeza malo tikudziwa. Timagwada pamaso pa khola la Khrisimasi m'tchalitchi, timasonkha ndalama za maulendo a ku malo oyera, ndipo nzabwino ndithu. Koma kodi ku msasa tinkapita titanyamula chiyani? Ena mwa ife tinkapita ndi chitini chogulira, kukatenga nyemba ndi mafuta za anthu anjala pa mtengo wongotola. Ena tinalimitsa wothawa dimba lonse kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kulowa, malipiro ake mbale ya gaga, podziwa kuti alibe kokadandaula. Ndipo alipo amuna obatizidwa, ena a maudindo m'mpingo, amene anaononga ana aakazi a alendo ndi sopo ndi chitenje. Zimenezi zinachitika pakati pathu, ndipo ambiri tinangoyang'ana kumbali.

Chomvetsa manyazi nchakuti moyo wa mumsasa ife tomwe tinaulawa. Madzi osefukira a 2015, namondwe wa Idai mu 2019 ndi wa Freddy mu 2023 anatigoneka m'makalasi ndi m'mahema pano pa Bangula, mabanja a ku Makhanga ataoloka ndi zovala za m'thupi zokha. Tikudziwa kuwawa kwake koima pamzere, munthu wamkulu wa banja lake, kudikira kuti mnyamata aitane dzina lako.

Nchifukwa chake tikupempha miphakati yonse kuti pa msonkhano wa sabata ino mukambirane za alendo amene ali m'dera lanu, kaya anachokera kutsidya kaya anathawa madzi. Mudziwe maina awo, mudziwe amene ali ndi wodwala, ndipo musayambe mwafunsa za mpingo wawo. Wowalemba ganyu awalipire monga alipirira mwana wa m'mudzi. Inu akatekisi, mwana wa mlendo akabatizidwa mulembeni bwino m'buku, dzina la mudzi wa kwawo osaliiwala, ndipo makolo ake muwapatse kalata ya ubatizo m'manja, kuti tsiku limene adzaoloke kubwerera ku Morrumbala kapena ku Mutarara akaionetse kwa bambo mfumu wa parishi ya kwawo.