Mbusa Alexander Crummell ndi Mapepala Amene Anasiya

 Masiku onse pa nthawi ino timakamba za migula, manyowa ndi nkhokwe, koma lero ndadza ndi mbiri ya munthu amene sanali mlangizi wa ulimi ai. Anali mbusa, ndiponso mphunzitsi wa pa koleji, dzina lake Alexander Crummell. Mpingo wake ku America amautcha Episcopal, ndipo ndi pachibale ndi mpingo wa Anglican umene tiudziwa kuno kwathu ku Likoma ndi ku Malindi. Munthuyu anamwalira kalekale, koma zimene anali kuganiza za khasu, za miseu ndi za mafumu tikuzidziwa bwino lomwe, chifukwa anazilemba ndipo mapepala ake anasungidwa.

Crummell anabadwira mu mzinda wa New York pa 3 March 1819. Atate wake, a Boston Crummell, anagwidwa ukapolo ali mnyamata ku dziko la kumadzulo kwa Africa, kumene tsopano kuli Sierra Leone, koma pamene mwanayu amabadwa iwo anali atamasuka kale. Tsono Alexander anakula ali mfulu, ngakhale ufulu wa munthu wakuda ku America masiku amenewo unali wa pakamwa chabe.

Tamvani zimene zinamuonekera mu 1835. Iye ndi anzake anapita kukaphunzira pa sukulu yotchedwa Noyes Academy, m'mudzi wa Canaan ku New Hampshire, imene inali kulandira ana akuda ndi oyera pamodzi. Anthu ambiri a m'dera lija zimenezi sizinawakomere. Anasonkhana, namangirira maunyolo ku nyumba ya sukuluyo, naikoka ndi ng'ombe kuichotsa pa maziko ake. Crummell mwini, polemba za imfa ya bwenzi lake Henry Highland Garnet amene anali naye pa sukulupo, anati panali magoli 90 a ng'ombe, ndi kuti nchitoyo inawatengera masiku awiri. Inu amene mulima ndi ng'ombe tawerengani nokha: magoli 90 ndiye kuti ng'ombe 180. Ndi maekala angati amene zikadagaula pa masiku awiriwo? Ndipo anthu amene anachita izi ambiri anali alimi anzathu.

Atachoka pamenepo analowa sukulu ya Oneida Institute, kumene ophunzira anali kugawa tsiku pakati pa buku ndi nchito ya manja. Mu 1839 anafuna kulowa sukulu ya ubusa ya mpingo wake ku New York, koma anamkaniza chifukwa cha khungu. Anaphunzira mwa njira zina mpaka anadzozedwa unsembe mu 1844. Pambuyo pake anaoloka nyanja kunka ku England kukapempha ndalama zomangira tchalitchi, ndipo abwenzi a kumeneko anamlipirira maphunziro pa Queens' College ku Cambridge, kumene anatsiriza mu 1853.

Chaka chomwecho anasamukira ku Liberia, dziko limene anthu akuda ochokera ku America analikhazikitsa m'mbali mwa nyanja, nalandira ufulu wodzilamulira mu 1847. Anakhala kumeneko pafupifupi zaka 20. Analalikira ku Monrovia, anaphunzitsa ku Cape Palmas, ndipo itatsegulidwa Liberia College anakhala mmodzi wa aphunzitsi ake oyamba pamodzi ndi Edward Blyden. Sanali munthu wapafupi kukhala naye. Anakangana ndi bishopu wake John Payne, anakangananso ndi akulu a koleji kufikira anamchotsa nchito mu 1866, napita kukatsegula mpingo ndi sukulu ku Caldwell, m'mbali mwa mtsinje wa St Paul kumene kunali minda ya nzimbe ndi khofi.

Apa ndi pamene mapepala ake ayamba kutikhudza ife. M'buku lake la 1862 lotchedwa The Future of Africa, ndiye kuti tsogolo la Africa, muli maulaliki ndi zokamba zake za ku Liberia. Mukawerenga mupeza mbusa akuchula mbeu ndi malonda monga achitira mlangizi: mafuta a kanjedza, thonje, nzimbe, khofi. Chimene chinali kumuwawa mtima n'chakuti chuma chonsechi chinali kutuluka m'nthaka ya Africa, koma phindu lake linali kulemeretsa eni zombo a ku maiko ena. Anapempha anthu akuda a ku America amene anali ndi ndalama kuti adze adzalime ndi kuchita malonda iwo eni. Mlimi ali yense amene anagulitsapo mtedza kwa wogula wa pa mseu, n'kumva pambuyo pake mtengo umene unakagulidwira m'tauni, adziwa chimene mbusayu anali kunena.

Tsono inu mafumu ndi nyakwawa cherani khutu. Pa 26 July 1870, tsiku lokumbukira ufulu wa Liberia, Crummell analankhula ku Monrovia za zolakwa za dzikolo, ndipo mau ake anasindikizidwa m'buku lina la 1891, Africa and America. Anadzudzula anzake obwera aja kuti angounjikana m'mbali mwa nyanja, nanyalanyaza eni dziko amene anawapeza. Anati Boma litseme miseu yolowa m'kati mwa dziko, limange sukulu m'midzi, ndi kuti eni nthaka awerengedwe monga nzika. Kunena zotere pamaso pa akuluakulu a Monrovia kunafuna mtima wolimba, ndipo pamenepo ine ndimbvulira chisoti.

Koma m'kulankhula komweko ananenanso kuti mafumu amene atseka njira za malonda kapena kumenyana okhaokha, Boma liwagonjetse ndi mphamvu, monga ana osadziwa chowayenera. Apa ndisiyana naye. Ife a nchito ya ulimi tidziwa kuti mgula umene munthu aunda chifukwa choopa mesenjala sukhalitsa. Mvula ikangoupasula palibe amene aukonza. Umene ukhalitsa ndi uja amfumu ndi anthu ao anakambirana pa bwalo naubvomera. Ngakhale mseu womwewo, wodziwa pamene madzi amasefukira ndi pamene pali manda ndi mwini mudzi.

Palinso china chimene mapepalawo sambisira. Mu 1860 ku Cape Palmas anakamba za chinenero cha Chingerezi, nachitamanda kuti ndi mphatso, ndipo zinenero za anthu a kumeneko anazinyoza kuti n'zosauka, zosatha kunyamula maganizo akuya a chilungamo ndi ufulu. Munthu amene anakanizidwa sukulu chifukwa cha khungu lake anaweruza malilime a abale a atate wake mosayenera chotere! Pomwe inu mudziwa kuti milandu ya malire a minda, ya chikole ndi ya ufumu imazengedwa ndi kugamulidwa m'chinenero chathu tsiku ndi tsiku, popanda kubwereka liu kwa Mngerezi.

Mu 1871 ku Liberia kunabuka chipolowe, Purezidenti Edward Roye nachotsedwa pa mpando, ndipo posakhalitsa Crummell anabwerera ku America. Ku Washington anayambitsa mpingo wa St Luke's, nauweta mpaka 1894. Mu ukalamba wake kunamveka mau akuti munthu wakuda angophunzira nchito za manja basi, zam'mabuku azisiye. Iye, ngakhale analemekeza khasu moyo wake wonse, anakana zimenezo, nati mtundu ufunanso anthu ake olemba ndi oganiza. Ndi chifukwa chake mu 1897 anakhazikitsa bungwe la anthu akuda ophunzira lotchedwa American Negro Academy. Anamwalira pa 10 September 1898 ku Red Bank, New Jersey.

Nanga mapepala aja ali kuti? Ambiri asungidwa ku Schomburg Center, nyumba ya mabuku imene iri ku Harlem mu mzinda wa New York umene anabadwira. Muli makalata ake, ndi maulaliki ambirimbiri olembedwa ndi dzanja lake. Anawajambulanso pa filimu kuti pepala likadzafumbwa mau asatayike, monga momwe mlimi wanzeru sasungira mbeu yake yonse m'chikwatu chimodzi. Wolemba mbiri wina, Wilson Jeremiah Moses, anafufuza m'mapepala amenewa ndi ena, natulutsa buku la moyo wa Crummell mu 1989. Ndiponso W. E. B. Du Bois, amene anaonana naye maso ndi maso, anampatsa mutu wathunthu m'buku lake la 1903, The Souls of Black Folk.