Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo wa Tsiku Lokumbukira Kuopsa kwa Fodya ku Kasungu



Ndikuthokoza kuti munandiitana kudzakhala nanu lero pa 31 Meyi, tsiku limene bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linapatula kuti anthu azikumbutsana za kuopsa kwa fodya. Kuyankhula nkhani imeneyi kuno ku Kasungu, mwezi uno pamene malole akutuwitsa fumbi kupita ku msika wa fodya wa Chinkhoma atasenza mabelo, si ntchito yapafupi. Malata ambiri amene akung'anima m'midzi yathu anagulidwa ndi ndalama za fodya. Madokotala ena amene akhala kutsogoloku fizi yawo inachokera m'chigafa. Dziko lathu limapeza gawo lalikulu la ndalama zakunja kuchokera ku tsamba lomweli. Choncho mlimi amene wakhala pano akhazike mtima pansi, sindinabwere kudzamuzenga mlandu. Ndabwera kudzafotokoza momwe anthu anadziwira zimene fodya amachita m'thupi, chifukwa munthu akadziwa komwe mawu achokera savuta kuwakhulupirira.

Nthawi zonse tikatchula za kuipa kwa fodya, pamakhala wina wonena kuti, agogo anga ankasuta chingambwe kuyambira ali mnyamata ndipo anatsikira kulichete ali ndi zaka 90. Sindikutsutsa, agogo otere alipodi. Koma anzawo amene ankasuta nawo limodzi, amene anapita ali ndi zaka 50 atatsokomola miyezi yambiri, palibe amene amawawerenga. Timakumbukira amene anatsala chifukwa ndi amene tinawaona. Ntchito ya kafukufuku ndi kuwerenga onse, otsala ndi opita omwe.

Kuwerenga kumeneku kunayamba mwamphamvu ku Britain nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha. Madokotala kumeneko anaona kuti khansa ya m'mapapo, matenda amene kale ankapezeka mwa apo ndi apo, yayamba kupha anthu ochuluka. Ena ankaloza utsi wa magalimoto, ena phula la m'misewu. Akatswiri awiri, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill, anayendera zipatala 20 za mu London kufunsa odwala za moyo wawo. Zimene anasindikiza mu 1950 zinali izi: mwa amuna 649 odwala khansa ya m'mapapo, awiri okha ndi amene sankasuta. Mwa amuna ena 649 odwala matenda ena, osasuta analipo 27. Doll mwiniwake anali wosuta, ndipo anasiya kafukufukuyo ali m'kati, ataona zimene manambala akunena. Chaka chomwecho ku America, Ernst Wynder ndi Evarts Graham anapeza zofanana.

Koma anthu anafunsa kuti, kodi wodwala sangaiwale kapena kukokomeza pofotokoza mbiri yake? Ndiye mu 1951 Doll ndi Hill analembera makalata madokotala a ku Britain kuwafunsa ngati amasuta, ndipo amuna 34,439 mwa iwo anayamba kutsatiridwa ali bwinobwino. Dokotala akamwalira, ofufuza ankalemba chimene chamupha. Ntchitoyi inayenda zaka 50, mpaka 2001. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zotsatira zomaliza, zimene zinatuluka mu 2004, zinaonetsa kuti pafupifupi theka la anthu osuta osalekeza amaphedwa ndi fodyayo, ndipo wosuta amataya zaka za moyo pafupifupi 10. Zinaonetsanso nkhani yabwino: wosiya ali ndi zaka 30 amapulumutsa pafupifupi zaka zonse 10, wosiya pa 40 amapulumutsa 9, pa 50 amapulumutsa 6, ndipo ngakhale wosiya pa 60 amapindula zaka 3. Abambo anzanga a imvi, musanene kuti nthawi inatha.

Amayi, gawo ili ndi lanu. Ku Japan, katswiri wina dzina lake Takeshi Hirayama anatsatira akazi okwatiwa oposa 91,000, onse osasuta, kwa zaka 14. Mu 1981 anaonetsa kuti akazi amene amuna awo ankasuta ankadwala khansa ya m'mapapo kwambiri kuposa akazi a amuna osasuta. Utsi susankha mphuno. Mwana wogona m'nyumba imene bambo amasutiramo amadwala chibayo, mphumu ndi matenda a m'khutu kawirikawiri. Mayi woyembekezera wosuta kapena wokhalira kupuma utsi wa ena akhoza kubereka mwana wochepa sikelo. Lero WHO imati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo oposa miliyoni imodzi mwa iwo ndi anthu amene sasuta okha, amangopuma utsi wa anzawo.

Nanga ngati zonsezi zinadziwika kalekale, n'chifukwa chiyani anthu sasiya? Apa ndi pamene tiyenera kumvetsa za chikonga. Munthu akakoka utsi, chikonga chimalowa m'magazi kudzera m'mapapo ndipo chimafika mu ubongo pasanathe masekondi 20. Kumeneko chimachititsa ubongo kutulutsa mankhwala ake achilengedwe omwe amapatsa munthu kukondwa ndi kumasuka. Zikachitika mobwerezabwereza, ubongo umasintha, umazolowera, n'kuyamba kufuna chikonga kuti munthu angomva ngati ali bwinobwino. Chikachepa m'magazi, munthu amapsa mtima msanga, amasowa tulo, maganizo sakhazikika. Ndicho chibaba chija. Wosuta akamati fodya amamuchotsera nkhawa, kawirikawiri nkhawa imene ikuchokayo inabwera ndi fodya yemweyo. Mu 1988 mkulu wa zaumoyo wa boma la America anatulutsa lipoti lonena kuti chikonga chimagwira munthu mofanana ndi mankhwala ozunguza bongo monga heroin ndi cocaine.

Komabe tisasokoneze zinthu ziwiri. Chikonga chili ngati chingwe chimene chamangirira mbuzi pamtengo, koma mpeni ndi utsi. Fodya akamapsa, utsi wake umakhala ndi mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amadziwika kuti amayambitsa khansa. Muli phula limene limamatirira m'mapapo. Muli mpweya woipa wofanana ndi umene umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka, umene umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi. Zimenezi ndi zimene zimawononga mitsempha, kubweretsa matenda a mtima, sitiroko, kubanika kosatha, ndi khansa ya m'mapapo, ya m'kamwa, ya kummero ndi ya chikhodzodzo. Kwa ife kuno, kumene chifuwa chachikulu chikadali pakati pathu, dziwani kuti wosuta amadwala TB mosavuta, ndipo kuchira kwake kumavuta. Chikonga pachokha nachonso si chabwino: chimathamangitsa mtima, chimakweza BP, chimavulaza mwana wosabadwa, ndipo chimasokoneza ubongo wa wachinyamata, umene umapitiriza kukula mpaka zaka za m'ma 25. Agogo ofwenkha fodya wa m'mphuno kapena oika wopera kunkhama asaganize kuti apulumuka poti palibe utsi, chifukwa fodya wotere amawononga nkhama ndipo amayambitsa khansa ya m'kamwa. Anyamata a m'tauni okoka shisha ndi timakina tonunkhira zipatso tija, dziwani kuti chingwe chake n'chomwecho.

Tsopano nditembenukire kwa inu alimi, chifukwa pali matenda amene amagwira munthu wosasuta, ali m'munda mwake. Chikonga chimasungunuka m'madzi. Tsamba la fodya likanyowa ndi mame kapena mvula, madzi ali patsambapo amakhala ndi chikonga, ndipo chimalowa m'thupi kudzera pakhungu. Wothyola fodya m'mawa, atakolekera masamba onyowa m'khwapa, malaya atanyowa ndi thukuta, akumwa chikonga osadziwa. Pofika madzulo mutu ukuwawa, chizungulire, nseru, kusanza, thupi lonse kufooka. Madokotala a ku Florida ku America analemba za matendawa mu 1970. Kwathu kuno ambiri timangoti ndi malungo, ena amaloza mankhwala opopera, ena amakayikira anzawo a munda woyandikana nawo. Mu 2009 bungwe la Plan International linatulutsa lipoti la ana ogwira ntchito m'minda ya fodya kuno ku Malawi, ndipo linati pa tsiku la chinyezi mwana akhoza kulandira pakhungu chikonga chokwana mamiligiramu 54, chofanana ndi cha ndudu pafupifupi 50. Palibe kholo pano limene lingayatsire mwana wake ndudu ngakhale imodzi. Koma mwana yemweyo timamutuma kukathyola ndi kusoka fodya wonyowa.

Kupewa kwake sikufuna ndalama zambiri. Dikirani mame akamuke musanalowe m'munda. Valani malaya a manja aatali, magolovesi, ndi chovala chosalowa madzi. Zovala zikanyowa, sinthani. Sambani ndi sopo mukaweruka. Mayi woyembekezera asagwire fodya wonyowa. Ana osafika zaka 18 asagwire ntchito yoopsayi, ndipo malamulo a dziko lino amaletsa kale zimenezi. Anamwino ndi madokotala athu, m'miyezi yothyola fodya, wodwala akabwera akusanza koma magazi osaonetsa malungo, mufunseni kumene anali m'mawa.

Pali phunziro lina limene mbiri ya kafukufukuyu imatipatsa, ndipo ndikufuna ophunzira ndi atolankhani alimve bwino. Umboni utayamba kuchuluka, makampani a fodya a ku America sanangokhala chete. Mu Januwale 1954 analipira nyuzipepala zoposa 400 kuti zisindikize uthenga wawo wonena kuti palibe umboni wokwanira, ndipo anakhazikitsa komiti yawoyawo ya kafukufuku. Cholinga chinali chakuti anthu azingokayika, poti wokayika sasiya kugula. Ngakhale boma la America litalengeza mu 1964 kuti kusuta kumayambitsa khansa ya m'mapapo, iwo anapitiriza kukana. Mu Epulo 1994 akuluakulu asanu ndi awiri a makampaniwa anaima pamaso pa aphungu a nyumba ya malamulo ya dzikolo, atalumbira, n'kunena kuti sakhulupirira zoti chikonga chimagwira munthu. Chaka chomwecho makalata achinsinsi a kampani ina anatulukira poyera, ndipo zinadziwika kuti loya wawo analemba kale mu 1963 kuti chikonga chimagwiradi munthu, ndiponso kuti malonda awo enieni ndi chikongacho. Mu 1998 makampaniwa anavomera kulipira madera a dziko la America ndalama zoposa madola 200 biliyoni. Choncho munthu akakubweretserani pepala n'kunena kuti kafukufuku wapeza zakutizakuti, funsani mafunso atatu: anachita ndani, anawerenga anthu angati, ndipo analipira ndani. Safunsa anadya phula.

Mwaona kuti maina amene ndatchula ndi a ku London, Japan ndi Florida. Ife amene timalima fodya wa bale wochuluka kuposa mayiko ambiri tiyenera kumawerenganso anthu athu. Chiyambi chilipo. Kafukufuku amene unduna wa zaumoyo unachita pamodzi ndi WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi mwamuna mmodzi mwa anayi alionse kuno ku Malawi ankasuta, pamene amayi osuta anali pafupifupi atatu pa 100 alionse. Tili ndi sukulu ya ukachenjede ya zaumoyo ya KUHeS, tili ndi ya zaulimi ya LUANAR ku Bunda, tili ndi ofufuza ku Blantyre ndi ku Karonga. Ana a sukulu amene muli pano, mafunso akukudikirani: za alimi odwala nyengo yothyola, za fumbi la m'chigafa pa nthawi yosankha ndi kudinda mabelo, za mbewu zimene zingapatse banja ndalama zofanana pa ekala imodzi. Mu 2023 dziko lathu linalowa m'pangano la mayiko loyang'anira fodya la WHO. Panganoli lili ndi ndime zonena kuti alimi athandizidwe kupeza njira zina zopezera ndalama, ndiponso kuti umoyo wawo utetezedwe. Ndime zimenezo ndi zanu alimi, ndipo muli ndi ufulu wofunsa boma kuti soya, mtedza ndi mpendadzuwa zikhale ndi misika yodalirika musanauzidwe kuti muchepetse nazale.

Kwa inu amene mumasuta ndipo mwayesapo kusiya n'kubwereranso, musadzione ngati ofooka. Ambiri amene anasiyiratu anayesa kangapo. Masiku oyamba ndi amene amawawa, koma pakatha milungu iwiri kapena inayi thupi limayamba kukhazikika. Pakatha maola 12 chisiyireni, mpweya woipa uja umatsika m'magazi. Pakatha chaka, chiopsezo cha matenda a mtima chimatsika ndi theka. Sankhani tsiku, uzani a kunyumba, pitani kuchipatala mukafunse thandizo. Pamene mukulimbana nazo, musasutire m'nyumba, m'minibasi kapena pafupi ndi mwana. Eni magolosale ndi ma hokala, musagulitse ndudu kwa ana, ngakhale atanena kuti atumidwa ndi bambo awo. Mafumu athu, mawu anu amamveka kuposa chikwangwani chilichonse, choncho ikani lamulo m'midzi mwanu kuti nyengo yothyola mwana akhale m'kalasi.

Ndithokoze onse amene anakonza mwambo uno, azaumoyo amene akhale akuyeza BP ndi chifuwa m'matenti awo mpaka madzulo, ndi alimi amene mwasiya mabelo anu kuti mudzamve nkhani yosakoma m'khutu. Musachoke pano musanayezetse. Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti mwambo wathu watsegulidwa.