MAKINA AKALE M'MANJA MWA ANYAMATA

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za masewera aja a pa makina, amene ana athu awakonda koposa nsima, koma ife akulu tiwayesa cinthu cotayitsa nthawi. Inenso ndinali kuwayesa cotero, kufikira tsiku lija ndinapita kukaceza kwa mlongo wanga ku Chongwe.

Chongwe ndi boma liri pa mseu waukulu wa kum'mawa, makilomita ngati 45 kucokera ku Lusaka, m'dziko la Asoli. Pofika ndinapeza mwana wa mlongo wangayo, mnyamata wa zaka 17, ali khale patsinde pa mtengo wa mango, maso ali pa foni, zala ziri kuthamanga. Mai wace anandiuza kuti, "Acimwene, mumlangize mwana wanuyu. Mabuku sawagwira, ndipo ndalama zanga za tomato zithera m'mabandulo."

Ndinasendera pafupi kuti ndimdzudzule, koma poyang'ana pa galasi la foniyo ndinaona tianthu tiri kumenya mpira, tina tobvala zofiira, tina zobiriwira, ndipo pamwamba panalembedwa Nkana ndi Mufulira Wanderers. Ndinati, "Iwe, kodi Ajapani adziwa bwanji za ku Wusakile ndi ku Shinde?" Iye anaseka nati, "Iai, Amalume, iwo sadziwa. Ndinaikamo ndine."

Tsono zimene anandionetsa madzulo aja, pamodzi ndi zimene ndinaphunzira pambuyo pace, ndizo ndifuna kukufotokozerani.

Masewera amene anali nao sanapangidwire foni ai. Anapangidwira kamakina ka m'manja kochedwa PSP, kamene kampani ya Sony inayamba kugulitsa ku Japan m'caka ca 2004, niileka m'caka ca 2014. Makina ali onse ali ndi cinenero cao, ndipo foni siimva cinenero ca PSP. Cifukwa cace pafunika womasulira, monga uja aima pakati pa woweruza ndi munthu wa mlandu m'bwalo, kumva mau a uyu ndi kuwapereka kwa uyo. Womasulira wotere amucha emulator. Sali munthu, koma pulogalamu. Amva malamulo a masewera akalewo, nawasandutsa malamulo amene foni iwamva, ndipo acita ici mofulumira ndithu kotero kuti wosewera sazindikira kanthu. Wa mwana wathuyu dzina lace ndi PPSSPP, ndipo anamyamba munthu wa ku Sweden, Henrik Rydgård, m'caka ca 2012, nampereka kwa anthu onse kwaulere.

Mwina mudzati, "Nanga bvuto liri pati masewera akale akafa?" Taganizani za magalamafoni. Mbale za nyimbo za makolo athu zikhoza kukhala m'bokosi zosasweka, koma popanda makina oziliza ziri ngati mbale zodyera cabe. Masewera ali cimodzimodzi. M'caka ca 2023 bungwe la ku America lochedwa Video Game History Foundation linawerenga nilipeza kuti mwa masewera 100 ali onse amene anaturuka m'dzikomo cisanafike caka ca 2010, masewera 87 sapezekanso pa malonda. Eni ace anawasiya. Amene awasunga amoyo kawirikawiri ndi anthu wamba ogwira nchitoyi usiku atacoka ku nchito zao, monga Nicola Salmoria wa ku Italy, amene m'caka ca 1997 anayamba emulator yochedwa MAME kuti makina akale oponyamo ndalama asaiwalike.

Tsopano za Nkana ndi Wanderers. Masewera a mpirawo ndi a kampani ya Konami, ochedwa Pro Evolution Soccer, ndipo otsiriza a pa PSP anali a 2014. M'menemo munali matimu a maiko akutali, koma a ku Kitwe, a ku Mufulira ndi a ku Kabwe munalibe. Mnyamatayu anatenga matimu a eni ace, nafafaniza maina, nalemba maina a kwathu. Anajambula majezi ofiira ndi obiriwira kacidutswa-kacidutswa, nawabveka tianthu tija. Kusintha kotere akucha mod. Ine ndinakumbukira ubwana wathu, pamene tinali kutola waya ndi zitsekerero za mabotolo ndi kupanga galimoto wokhota ndi ciongolero cace, kapena kutenga cigubu ca mafuta ndi kucisandutsa banjo. Palibe sitolo inatipangira zimenezo. Cimene mwini cuma sanatiganizire, tinali kudzipangira tokha.

Ndinampempha cinthu cimodzi, kuti aikemo Godfrey Chitalu, uja bungwe la FAZ liwerenga kuti anamwetsa zigoli 107 m'caka ca 1972. Mnyamatayu anabadwa zaka zambiri itapita ngozi ya ndege ya ku Gabon ya 1993, m'mene Chitalu anafera pamodzi ndi timu ya dziko lathu. Dzina analimva, koma za kathamangidwe kace sanadziwe. Cotero ine ndinali kunena, iye ali kulemba manambala a liwiro ndi a mphamvu ya mwendo. Pamene kamunthu kaja kanaponya mpira m'ukonde, ndinapfuula monga ndiri pa bwalo, ndipo mlongo wanga anaturuka m'nyumba kudzaona amene anali kulangiza mnzace.

Musayese kuti nchito iyi njacabe. Ku Brazil, m'caka ca 2007, mwini kanyumba ka masewera m'mzinda wa Mogi Mirim anasintha masewera omwewa a Konami naikamo matimu a kwao. Nchito yaceyo, yochedwa Bomba Patch, inafalikira dziko lonselo. Ndipo masewera ochuka aja a Counter-Strike anayamba m'caka ca 1999 ngati mod ya anyamata awiri, Minh Le ndi Jess Cliffe, amene anasintha masewera ena ochedwa Half-Life. Caka cotsatira kampani ya Valve, mwini Half-Life, inagula nchito yao niwalemba nchito onse awiri.

Koma pali za lamulo, ndipo sindingakubisireni. M'caka ca 2000 bwalo la apilo la ku America linaweruza mlandu wa Sony ndi kampani yaing'ono ya Connectix, ndipo linapeza kuti kuphunzira m'mene makina a wina agwirira nchito, kuti upange womasulira wako, si kuba. Komabe m'caka ca 2024 kampani ya Nintendo inasumira opanga emulator yochedwa Yuzu, niti ithyola maloko a masewera amene anali cigulitsire. Ndipo m'mwezi wa March eni Yuzu anabvomera kulipira madola 2.4 miliyoni ndi kutseka nchito yao. Womasulira ndi cinthu cina, masewera enieniwo ndi cinthu cina, ndipo masewerawo ali ndi eni ace. Kuno ku Zambia lamulo la Copyright and Performance Rights Act la 1994 liteteza nchito zotere. Kwa ine, mnyamata wojambula majezi a Nkana kuti asewere ndi anzace ndi mmisiri. Koma wodzaza masewera a eni m'makhadi ndi kuwagulitsa pa msika wayamba malonda a katundu wosakhala wace.

Palinso mbala za mtundu wina. Anthu oipa abisa mavairasi m'mafailo amene awacha masewera aulere, ndipo foni imene mwana aseweretsa ndiyo yomweyo isunga ndalama za mai wace. Inu a ku migodi, amene mutumiza ndalama kumudzi pa foni mwezi ndi mwezi, cherani khutu apa: pulogalamu ya masewera ikapempha cilolezo cowerenga mauthenga anu, ikaneni, pakuti mpira sufuna kudziwa makalata a munthu. Apa ndiye ndinamlangizadi mwanayo, ndipo mai wace anakondwa pang'ono.

M'mawa mwace anandionetsa cina, ndipo ici ndico candikhalitsa ndi maganizo kufikira lero. Anabwereka kompyuta yakale kwa msuweni wace wophunzira pa Chalimbana University, m'boma lomwelo la Chongwe, natsegula masewera a nyimbo. Mtundu uwu unachuka ku Japan. M'caka ca 1998 Konami inaturutsa Dance Dance Revolution, m'mene munthu aima pa mphasa ya mibvi 4, wa kumanzere, wa kumanja, wa kutsogolo ndi wa kumbuyo. Nyimbo iri kulira, mibvi ikwera pa galasi, ndipo iye ayenera kuponda mubvi woyenera pa nthawi yace yeniyeni. M'caka ca 2001 kampani ya Namco inaturutsa Taiko no Tatsujin, m'mene wosewera aomba ng'oma ya Cijapani ndi timitengo tiwiri, pena pakati, pena m'mphepete. Caka comweco kunabadwa StepMania, pulogalamu yaulere yofanana ndi ya mphasa ija, koma yolola munthu ali yense kuikamo nyimbo yace ndi kulemba yekha mibvi yace.

Onani tsono. Ajapani anatenga ng'oma ya makolo ao naiika m'makina, ndipo ana a maiko akutali aidziwa lero. Ife tiri ndi ng'oma zocuruka. Ku Chongwe komweko, caka ndi caka mvula isanagwe, Asoli asonkhana pa mwambo wa Chakwela Makumbi, ndiko kuti kutsitsa mitambo, pamene Mfumu Yaikuru Nkomeshya Mukamambo II ipempherera mvula ndi mbeu, ndipo ng'oma zilira tsiku lonse. Tiri ndi kalindula, tiri ndi vimbuza, tiri ndi ngoma ya Angoni. Wolemba mibvi ya nyimbo zotere ayenera kukhala ndi khutu la woomba ng'oma, pakuti m'ng'oma zathu dzanja lina liyenda katatu pamene linzace liyenda kawiri, ndipo wozolowera kuwerenga kanai-kanai asocera msanga. Khutu limenelo ana athu ali nalo cibadwire.

Mnyamatayo anali atayamba kale ndi nyimbo ya kalindula ya pa wailesi, ndipo anafuna kuitumiza kwa anzace pa intaneti. Ndinamletsa, pakuti nyimbo iri ndi mwini, ndipo oyimba athu ali ndi bungwe lao la ZAMCOPS loyang'anira za malipiro ao. Ndinamuuzanso kuti ng'oma za mapemphero ndi za cinamwali sizitengedwa wamba. Afunse akulu, ndipo akakana aleke. Iye anati, "Nanga nditenge iti, Amalume?"

Pafupi ndi nyumba yao pakhala nkhalamba ina, imene inali kuomba ng'oma pa maukwati masiku ace. Tinapita kumeneko, tinaomba m'manja, ndipo mnyamatayo anagwada nafotokoza cimene anafuna. Agogowo anayamba aseka, nati sanamvepo za ng'oma yobvinidwa ndi zala. Koma pambuyo pace anaturutsa ng'oma yao, naiwamba pa moto kuti cikopa cikungike, naomba mphindi 3, foni iri kujambula mau. Kulemba mibvi ya mphindi zimenezo kunamtengera mwanayo madzulo a masiku 4, atatsiriza za kusukulu, pakuti ilo ndilo pangano limene anapangana ndi mai wace.

Tsiku lobwerera ku Lusaka anandikhazika pa kompyuta kuti ndiyese. Ndinaphonya mibvi yoposa theka. Agogo aja, amene sanagwirepo kompyuta cibadwire, anaima kumbuyo kwathu ali kumvera, ndipo pakati pa nyimbo anagwira mnyamatayo pa phewa nati, "Apa wacedwa, mdzukulu wanga, dzanja lamanzere liyamba lisanathe lamanja." Mnyamatayo anabweza nyimboyo, namvetsera kawiri, nasuntha mubviwo.