Kusala Cakudya ndi M'bindikiro m'Dziko la Lupande

Mau okambidwa pamaso pa aphunzitsi a sukulu za m'midzi

Ciyambire caka ca 1950, pamene Norman Carr anapangana ndi Mfumu Nsefu kumanga msasa wa alendo oona nyama, anthu a maiko akutali sanaleke kufika m'cigwa ca Luangwa. Masiku ano ena a iwo safuna njobvu ndi mikango yokha iai; afuna mpumulo. Alipira ndalama zambiri kuti akhale masiku angapo kutali ndi phokoso la m'mizinda, natikitidwa thupi, nadya zakudya zosankhika zimene amati zitsuka m'kati mwa munthu. Ana a sukulu amene abale ao agwira nchito ku Mfuwe amamva zimenezi, ndipo tsiku lina adzafunsa mphunzitsi wao ngati ziri zoona.

Yankho lace liri pawiri. Kupumula pamalo a cete ndi cinthu cokoma, ndipo Mpingo unacidziwa kale. Ndico cimene akristu amati m'bindikiro. Koma mau akuti cakudya cakuti citsuka thupi alibe umboni kwa asing'anga a cipatala. Nchito yocotsa zoipa m'mwazi ndi ya ciwindi ndi impso, ndipo ziwalo zimenezi ziicita usana ndi usiku popanda kuzigulira kanthu. Coseketsa ndi ici, kuti zina mwa zakudya zimene alendo azilemekeza ziri kuseri kwa sukulu. M'caka ca 2008 maiko a ku Ulaya analola ufa wa malambe kugulitsidwa m'masitolo ao, ndipo umagulidwa pa mtengo waukuru cifukwa ca vitamini C amene ali m'menemo. Ndiwo malambe omwewo amene anyamata aswa ndi mwala pobwera kusukulu.

Nkhani yolemera iri pa kusala kwa Lenti. Misyoni ya Msoro, kumene wansembe Leonard Kamungu wa ku Chia anagwira nchito kufikira imfa yace m'caka ca 1913, inalandira mwambo wa masiku 40 osala kucokera ku Ulaya, kumene nyengo imeneyi igwa pa kutha kwa cisanu. Kuno igwa mwina. Lacitatu la Phulusa lifika pakati pa 4 February ndi 10 March, pamene nkhokwe zambiri zatha, mapira sanace, cimanga cingoyamba kumene kukhwima, Lupande wadzala madzi, ndi malungo ali m'nyumba iri yonse. Tsono mphunzitsi akaimirira pamaso pa ana nawauza kuti acepetse cakudya cifukwa ca Mulungu, ayenera kudziwa ciyambi kuti ambiri a iwo anagona ndi phala lokha. Munthu asala cimene ali naco. Mwana amene alibe nsima sali kusala. Ali ndi njala, ndipo kuyesa njala yace ngati kupembedza ndiko kumunamiza iye ndi Mulungu yemwe.

Cifukwa cace Mpingo sunaike goli limeneli pa ana ang'ono, odwala ndi okalamba. Pamodzi nao awerengedwe akazi apakati ndi oyamwitsa, odwala nthenda ya shuga, ndi onse akumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku. Otere asasinthe kadyedwe kao asanafunse kucipatala. Mphunzitsi mwini, amene alandira malipiro pa kutha kwa mwezi, ndiye angathe kusala moona. Akaleka shuga wa mu tii ndi nyama ya pa Lacisanu, mtengo wace usatsale m'thumba, koma ugule nsawawa za phala la ana amene aodzera m'kalasi dzuwa lisanafike pamutu. Mneneri Yesaya, pa mutu 58, anayesa kusala ndi muyeso womwewu, wa cakudya cogawira wanjala.

Kunena za thupi, munthu wa m'cigwa muno sakonzeka ndi kucotsa zakudya koma ndi kuonjeza. Kashembe analetsa ng'ombe m'midzi yambiri, kotero mkaka usowa, ndipo nsima ndi ndiwo za mtundu umodzi sizikwana kumanga thupi la mwana. Zofunika ziri pafupi: nsomba, nyemba, nsinjiro m'ndiwo za masamba, mfutso wosungidwa bwino, maungu, masau ndi bwemba pa nyengo yace. Soda wambiri ndi kuphika kwa nthawi yaitali ziononga zina za zabwino za m'masamba. Ici ciyenera kuphunzitsidwa kwa asungwana ndi anyamata omwe.

Nanga m'bindikiro wa aphunzitsi? Ambiri auyesa masiku a kumva maulaliki asanu ndi kudya pang'ono, nabwerera kwao atatopa koposa m'mene anadzera. Si momwemo m'mene Eliya anacitiridwa. Pamene anathawira kucipululu, mtima utasweka, mngelo sanayambe ndi kumdzudzula. Anamleka agone, nampatsa mkate ndi madzi kawiri, ndipo pambuyo pace anayenda ulendo wa ku Horebu kukamva mau a Mulungu. Ambuye Yesu nayenso anapatula ophunzira ace kunka nao kwa okha pamene khamu linawamana ngakhale nthawi ya kudya. Okonza m'bindikiro asankhe miyezi ya June kapena July, pamene njira zauma, dzinthu ziri m'nkhokwe, ndi kutentha kwa October kukali kutali. Masiku atatu akwanira. Mau akhale pang'ono, tulo tokwanira, ndiwo zosapelewera, ndipo lamya za m'manja zisiyidwe kwa mmodzi wodalirika, amene adzaitana mwini wace pakabwera uthenga wa matenda kapena wa maliro.