Nkhata, Chingwe ndi Namondwe

Mawu amene anayankhula mmodzi mwa ophunzira akale pa msonkhano wathu wa pachaka kwa Malemia



Tili Fomu 3, aphunzitsi a sayansi anatilembera pa bolodi mawu awiri a Chingerezi, spiral ndi helix. Tinawaloweza ndipo mayeso tinakhoza, koma kunena zoona ine sindinawamve. Ndinadzawamva patapita zaka, tsiku lina ndikuyang'ana mayi anga akupinda nkhata kuti asenze mtsuko ku Shire.

Taonani nkhata. Nsalu imayambira pakati, nizungulira ikukulirakulira, koma osakwera m'mwamba. Bongololo mukamukhudza amadzipinda chimodzimodzi. Ameneyo ndiye spiral. Tsono taonani chingwe chopota, kapena nyemba yoyanga pa phesi la chimanga. Izi zimazungulira zikupita m'tsogolo, kukula kwa mzungulirowo osasintha. Ameneyo ndiye helix. Chigoba cha nkhono ndi nyanga za boo wa ku Lengwe zimatengako zonse ziwiri: zimapotana zikukwera, kwinaku zikukula kuchokera kunsonga.

Mawu tili nawo ochuluka: kupota, kupinda, kupiringiza, kukulunga, kuyanga, kuzunguliza. Ndipo si alendo m'chigwa chino. David Livingstone atafika kuno m'chaka cha 1859 anapeza Amang'anja akupota thonje ndi kuomba nsalu. Kachipangizo kopotera thonjeko kankatchedwa njinga, dzina limene pambuyo pake tinapatsa njinga yopalasa. Pamene Watson ndi Crick analengeza mu 1953 kuti DNA, imene imasunga chibadwa cha zamoyo, ili ngati zingwe ziwiri zopiringizana, agogo athu akadamva msanga, pakuti chingwe chotere ankachipota pantchafu.

Mwina wina afunsa kuti phindu lake nchiyani. Kumbukirani namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndi Ana mu Januwale 2022. Pa chithunzi chojambulidwa kuchokera m'mlengalenga, namondwe ndi nkhata ya mitambo, ndipo kuno kummwera kwa dziko lapansi amazungulira monga muvi wa wotchi. Mapindo a nkhatayo amadutsa limodzilimodzi, nchifukwa chake mvula imatha kukata kenaka nkuyambiranso mwamphamvu. Mayi wa kumudzi mukamuuza m'Chingerezi angogwedeza mutu mwaulemu. Koma mukamuuza kuti, "Amayi, ladutsa ndi pindo limodzi chabe la nkhata, musabwerere kudimba," amva, ndipo mwina apulumuka.

Masiku athu tinkalangidwa tikayankhula chinenero chathu m'kalasi, ndipo ambiri tinakula ndi maganizo akuti sayansi siingalowe m'Chichewa kapena m'Chisena. Tinalakwa. Sindikunyoza Chingerezi ayi, chinatipezetsa ntchito. Koma mwana amagwira bwino chachilendo akachimangirira pa chimene akuchidziwa kale.

Pempho langa ndi ili. Inu amene muli aphunzitsi, mukamaphunzitsa mutu umenewu lowani m'kalasi ndi nkhata ndi chingwe. Enafe tikapita kumudzi tifunse akuluakulu mawu a Chisena ndi Chimang'anja a zinthu zopotana ndi zozungulira, tiwalembe, tiwatumize kwa mlembi wathu eni mawuwo asanapite.