LIU LA CINGEREZI LAKUTI "DIFFER"

Munthu wocokera ku Chipata akafika ku migodi, kaya ku Kitwe kaya ku Luanshya, amva Cibemba m'komboni, koma makalata a nchito ndi zolembedwa za pa msonkhano wa bungwe la anchito azipeza m'Cingerezi. Pakati pa mau opezeka m'makalata otere pali liu lalifupi lakuti "differ". Liu limeneli ligwira nchito ziwiri, ndiponso liri ndi mbale wace wofanana nalo nkhope, kotero kuti munthu wosacenjera angathe kulemba ndi dzanja lace cimene mtima wace sunafune kunena.

Nchito yace yoyamba ndiyo kunena za zinthu zosafanana, monga atero Anyanja kuti "zisiyana". Angoni a Mpezeni ndi Acewa a Gawa Undi akhala moyandikana zaka zoposa zana limodzi, akwatirana, agulitsana mbeu pamsika umodzi, koma miyambo yao siri imodzi. Kwa Angoni mwamuna alowola ndi ng'ombe, ndipo ana ali a kwa atate wao. Kwa Acewa mwamuna apita kucikamwini, ana ali a mbumba ya kwa mai, ndipo mau akuru pa iwo ali ndi atsibweni. Wofuna kunena zimenezi m'Cingerezi anena kuti, "Ngoni custom differs from Chewa custom." Pamenepa palibe mkangano uliwonse, palibe wolakwa kapena wokhoza. Kaliu kotsatira ndi "from". Akafuna kuchula pamene pagona kusiyanako aonjezera "in". Nc'wala icitika ku Mtenguleni m'February, pamene mbeu zayamba kuca, ndipo Kulamba kucitika ku Mkaika m'August, anthu atakolola kale. Cifukwa cace munthu akhoza kuti, "The two ceremonies differ in season."

Colakwa cimveka kawirikawiri ndico cakuti "They are differ." Cibadwa cifukwa wolankhulayo ali kuganiza mau akuti "ali osiyana" nawatembenuza limodzi limodzi. Koma "differ" ndi mneni woima payekha, safuna "are" kutsogolo kwace. Anene "They differ", kapena "They are different". Pambuyo pa "different" Angerezi ena polankhula ati "to", Amereka ambiri ati "than", koma wolemba "different from" m'kalata palibe mphunzitsi angamdule.

Nchito yaciwiri ndiyo iri ndi kulemera. Ndiyo ya anthu osabvomerezana maganizo. Pano kaliu kotsatira kasintha: munthu amene wina satsatana naye achulidwa ndi "with", ndipo nkhani imene asiyanira ichulidwa ndi "over", "about" kapena "on". Mbiri ya dziko lino ipereka citsanzo comveka. M'caka ca 1958 Harry Nkumbula anali mtsogoleri wa African National Congress, Kenneth Kaunda ali mlembi wace wamkuru. Boma la Atsamunda linakonza malamulo atsopano a cisankho, opatsa anthu akuda mipando yowerengeka cabe. Nkumbula anaona kuti nkwabwino kulowa m'cisankhoco, Kaunda anati anthu acikane. M'October caka comweco Kaunda, Simon Kapwepwe ndi anzao anaturuka nayambitsa Zambia African National Congress, imene boma linailetsa m'March 1959. Wolemba mbiri imeneyi m'Cingerezi alemba kuti, "Kaunda differed with Nkumbula over the election." Akadalemba "differed from", owerenga ena akadayesa kuti anena za msinkhu wao kapena makhalidwe ao. Nzoona kuti Angerezi ena alemba "from" ngakhale pa kusabvomerezana, ndipo sikulakwa, koma "with" sasiya cikaiko.

Tsono pali cinthu cina coyenera kuciyang'anitsa m'mbiri yomweyo. Amuna awiriwa anasiyana maganizo, koma m'December 1962 zipani zao, UNIP ndi ANC, zinagwirizana kupanga boma limodzi. Ndimo mmene liri liu lakuti "differ" pakamwa pa eni ace: ndi liu lofatsa, losatseka khomo. Linena kuti mitu iganiza kosiyana, silinena kuti anthu anatukwanana kapena kugwirana malaya. M'Cingerezi ca ku Zambia lalemera koposa pamenepo. M'nyuzipepala, pa nkhani za kubwalo la milandu, kawirikawiri muoneka mau akuti "the two differed" ponena anthu amene anakangana kumowa mpaka mwazi unaturuka. Anthu akuno amvana bwino pa mau amenewo, pakuti m'mutu mwao muli "anayambana". Koma mlendo wowerenga ayesa kuti kunali kutsutsana kwaulemu. Kukangana kwaukali liu lace ndi "quarrel", ndipo kumenyana ndi "fight". Mboni yolankhula Cingerezi pamaso pa woweruza iyenera kusankha pakati pa atatuwa mosamala, pakuti mlandu wa mnzace ungapepuke kapena kulemera ndi liu limodzi.

Kufatsa kumeneku ndiko kucititsa liuli kukhala cida cabwino ca munthu wa pa nchito. Mwana woleredwa kumudzi kwa Mpezeni kapena kwa Kawaza aphunzira kuti wamkuru satsutsidwa pamaso. Ayamba ndi kuomba m'manja, nati, "Pepani, akuru, zonse mwanenazi zamveka, koma pang'ono pokha." Cingerezi naco ciri ndi njira yace yotere, ndiyo mau akuti "I beg to differ." Ambiri awopa mauwa poyesa kuti "beg" ndi kupemphetsa konga kwa waumphawi. Iai, ndi ulemu wakale cabe, wonga kuomba m'manja kuja, ndipo wonenayo wakana ndithu. Kapitao akati cingwe ciri bwino, koma wotsikira naco pansi waona kuti cadyeka, kukhala cete kungaphetse anthu, ndipo kunena "You are lying" kuutsa moto. Mau akuti "I beg to differ" afikitsa coonadi popanda kucotsa munthu ulemu. Palinso ena akuti "Let us agree to differ", onenedwa pamene mbali zonse ziwiri zalankhula mpaka kutopa ndipo palibe wagonja. Atanthauza kuti nkhani igone, yense asunge maganizo ace, koma ubale usathe.

Mbale wofanana nkhope uja ndi "defer". Kalembedwe kasiyana pang'ono: "differ" ali ndi i ndi f awiri, "defer" ali ndi e ndi f mmodzi. Pakuwachula, "differ" alemera kumayambiriro, "defer" alemera kumapeto. Apa lilime la Mnyanja limpusitsa, pakuti m'Cinyanja mau atalikitsidwa pa phatikizo loyandikana ndi lotsiriza, ndipo onse awiri aturuka ngati "difa". Sikudabwitsa konse kuti afanana: "differ" ndi "defer" wa kucedwetsa anaturuka m'liu limodzi la Cilatini, ndipo anadzapatukana m'kati mwa Cingerezi momwemo.

Tanthauzo la "defer" liri pawiri, ndipo lonse liri langozi kwa munthu wofuna kukana. "To defer a matter" ndiko kuika nkhani pambali kufikira tsiku lina. "To defer to a person" ndiko kugonjera munthu, kusiya maganizo ako cifukwa ca ukuru kapena nzeru zace. Munthu wa pa mgodi amene wadulidwa malipiro mosayenera, akalemba kuti "I defer to the manager on this matter", wasaina yekha kuti bwana akhoza ndipo mlandu watha. Anafuna kulemba "I differ with the manager on this matter." Cimodzimodzi mlimi wa fodya kapena thonje wa ku Chipata wolembera kampani za mtengo umene anamgulira. Kalata ikalowa m'ofesi awerenga zolembedwa, safunsa za mumtima.

Pa msonkhano ngoziyo ikula, cifukwa wolankhula ndi wina, wolemba ndi wina. Ciwalo cikaima ndi kunena "difa", mlembi alemba cimene khutu lace lamva. M'buku mukalembedwa kuti "the members differed", ndiye kuti panali kutsutsana ndipo nkhaniyo ikali yamoyo. Mukalembedwa kuti "the members deferred the matter", ndiye kuti onse anabvomera kuicedwetsa. Ndico cifukwa cace pa msonkhano wotsatira zolembedwa ziyamba zawerengedwa wapampando asanasaine, ndipo ciwalo ciri conse ciri ndi ufulu wakupempha kuti mlembi achule malemba a liulo limodzi limodzi.