Citsulo ca Pamwamba pa Khomo

Mau amene mthandizi wa ku ofesi yofalitsa nkhani analankhula kwa anthu a kwa Nkhulambe, m'boma la Phalombe.

Ine ndine mwana pakati panu, ndiponso sindine mmisiri, koma ndatumidwa kudzakuuzani mau ocepa a kamangidwe ka nyumba, makamaka pamwamba pa khomo ndi pa zenera.

Nonse mukumbukira March 2023, pamene namondwe Freddy anatsitsa madzi, miyala ndi matope kucokera kuphiri, naononga midzi ndi cipatala ca kuno kwa Nkhulambe. Akulu akumbukiranso napolo wa ku Michesi mu March 1991. Ndisakunamizeni: palibe citsulo cimene cingaimitse napolo. Munthu akamanga m'njira ya madzi, nyumba yace idzapita ngakhale aikemo zitsulo khumi. Koma nyumba zina sizigwa ndi napolo ai. Zigwa ndi mvula wamba ya masiku atatu, ndipo mukapenyetsa mudzaona kuti kawirikawiri mng'alu uyambira pa ngondya ya khomo kapena ya zenera.

Cifukwa cace n'ciani? Njerwa ilimba pokhala pa njerwa inzace. Pakhomo pali mpata, cotero njerwa za pamwamba pace zifuna cozinyamula. Cozinyamulaco amisiri acicha lintala. Ena aika mtengo, koma ciswe cimaudya m'kati mwini nyumba osadziwa. Ena aumba lintala ya konkire, ndipo imeneyo ndi yabwino ndithu. Lero ndinena za citsulo copindika ca mbali ziwiri, cimene m'masitolo acicha angle iron.

Coyamba imvani ici: felemu si lintala. Ndaona nyumba zambiri zimene mmisiri anaimika felemu yacitsulo ya khomo nayala njerwa pamwamba pace, nati zakwana. Felemu ija ndi lata lopyapyala, nchito yace ndiyo kugwira citseko basi. Mukaisenzetsa khoma ipindika pang'onopang'ono, citseko ciyamba kukana kutseka, ndipo inu mudzati catupa ndi cinyezi.

Tsono za kutalika. Citsulo cigone pakhoma mainchi 6 mbali iyi ndi mainchi 6 mbali inayo, ndiwo mamilimita 150. Khomo la mafiti 3 lifuna citsulo ca mafiti 4. Apa m'pamene anthu afuna kusunga ndalama, ndipo apa m'pamene aitaya. Amalume anga anapeza citsulo ca mafiti 6 ndi theka, mmisiri nacidula pakati kuti cikwanire khomo ndi zenera, zonse za mafiti 3. Mwawerengera kale, aphunzitsi: mbali iri yonse cinagona inchi imodzi ndi theka yokha. Dzinja laciwiri njerwa za pansi pace zinanyenyeka, citsulo cinatsika, ndipo anagumula khoma lonse la kumaso. Anagula simenti kawiri, nalipira mmisiri kawiri, cifukwa ca mainchi ocepawo. Musalolenso kulumikiza zidutswa ziwiri kwa wowocherera kuti zitalike. Gulani camphumphu.

Pa khomo kapena zenera losapitirira mafiti 4, funani citsulo cimene mbali zace ziri mainchi 3 ndi theka, ndipo kucindikala kwace kusacepere mamilimita 6. Khoma lopyapyala, la mainchi 4 ndi theka, lifuna cimodzi. Khoma la mainchi 9 lifuna ziwiri zopatsana msana, kuti njerwa za kunja ndi za m'kati zonse zikhale ndi pogona. Mbali imodzi igone, inzace iime ciriri, pakuti yoimayo ndiyo iri ndi mphamvu yokana kupindika.

Mdani wa citsulo ndi dzimbiri, ndipo kuno m'tsinde mwa phiri mvula sisowa. Citsulo cikacita dzimbiri cimatupa, nicikankha njerwa mpaka kung'amba pulasitala. Cotero cipaleni ndi burashi yawaya, mucipake utoto wofiira uja woletsa dzimbiri kawiri, mbali zonse, musanacikweze. Cikalowa m'khoma simudzacifikanso.

Poika, njerwa zimene citsulo cigonera zikhale zamphumphu ndi zopsa bwino, osati zidutswa. Ngakhale nyumba yonse mwamangira dothi, pamenepo pokha ikani simenti: muyeso umodzi wa simenti ku miyeso 4 ya mcenga, mizere itatu pansi ndi itatu pamwamba. Mmisiri aike levulo. Ena ayesa ndi maso okha, koma maso anama. Cirikizani pakati ndi mtengo, muyale mizere itatu, mulekere pomwepo kuti simenti igwire, ndipo mtengowo musaucotse sabata isanathe. Pofika kudenga, mtanda usagone pakati pa khomo. Usendezeni ugone pa khoma lodzaza.

Amene mumanga sitolo kapena cipinda ca sukulu ca mazenera akulu, miyeso ndanenayi si yanu. Pitani kwa woyang'anira zomangamanga ku khonsolo ya boma la Phalombe akuwerengereni citsulo coyenera, musanagule.

Mafumu, ndikhala pansi tsopano. Amisiri muli pano, ngati ndaphophonya pena imirirani mundikonze, pakuti njerwa muziyala ndinu.